Mbale Sibwerera Yopanda Kanthu

Mpaka lero ndikusungabe kope lomwe ndidalembamo ndondomeko ya ulendo wathu wa ku Likoma m'chaka cha 2019. Ndi kope wamba, longa lomwe ana a Sitandade 6 ankalembamo masamu pa nthawi imene ndidali mphunzitsi wa pulayimale ku Kasungu, ndisanabwere kuno ku yunivesite. Tsamba loyamba ndidalijambula mizere ndi rula n'kuligawa patatu. Pamwamba pa gawo loyamba ndidalemba kuti mayendedwe, pa lachiwiri pogona, pa lachitatu chakudya. Ndinkakhulupirira kuti munthu akadziwiratu komwe akagone ndi komwe akadye, ndalama zake n'kukwana, ndiye kuti zovuta zonse za ulendo wathana nazo, chotsala n'kunyamuka.

Kwathu munthu sayenda mtunda wautali popanda chomuyendetsa. Timayendera maliro, ukwati, kukazonda matenda kapena kukasaka ntchito. N'chifukwa chake tsiku lomwe ndidawauza amayi kuti ndasunga kandalama koti tikapumire ku Likoma pa tchuthi cha mwezi wa Ogasiti, iwo adaika pansi lichero la nyemba zomwe ankasankha, nandiyang'ana kwa kanthawi.

"Kwagwanji kumeneko?" adafunsa motero.

"Kulibe chomwe chagwa, amayi. Tikungopita kukaona nyanja ndi kukapuma. Mwagwira ntchito zaka zonsezi osapumako."

"Munthu n'kuwoloka nyanja yonse ija kukangokhala pansi? Nanga pano mpando wasowa?"

Adaseka, koma sadakane. Tonse awiri tinkadziwa kuti ku Likoma kuli china choposa mchenga ndi madzi, ngakhale padalibe yemwe adachitchula.

Bambo anga adali a ku Likoma. Adabwera ku Kasungu ali mnyamata kudzagwira ntchito ya ukalaliki pa esiteti ya fodya, n'kukwatira amayi konko. Atadwala kwambiri mu 2008 adapempha kuti awaperekeze kwawo, ndipo adamwalirira komweko ine ndili ndi zaka 13. Patatha mwezi umodzi chiikireni maliro, abale awo aamuna awiri adafika kwathu ku Kasungu. Adatenga njinga, wailesi, jekete ndi malata 24 omwe bambo adagula pang'onopang'ono kwa zaka zitatu kuti adzafolere nyumba yathu. Amayi sadalimbane nawo. Azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, omwe tinkawadalira kuti ndiwo oganiza bwino m'banja lonselo, sadanene kanthu. Lamulo latsopano loteteza chuma cha masiye lidabwera mu 2011, malata athu atawoloka kale nyanja. Kuyambira pamenepo sitidapondekonso ku Likoma, ndipo nyumba yathu idakhala yaudzu mpaka ine nditayamba kulandira malipiro.

Motero ndondomeko yanga idali ndi cholinga china chomwe sindidachilembe m'kope. Ndinkafuna kuti tikafike pachilumbapo ngati alendo odzilipirira okha, ogona pakhomo pa munthu wosatidziwa, odya chakudya chogula. Tikapite kumanda kukaona pomwe adagona bambo, tikapemphere, kenaka tikasambe m'nyanja, tibwerere kwathu osamwa ngakhale madzi a pakhomo pa mbale aliyense. Ndivomerenso kuti mumtima ndinkalakalaka abale aja atamva mphekesera yoti mwana wamasiye uja adabwera ndi mayi ake n'kukagona pamalo olipira.

Chinthu choyamba chomwe ndidaphunzira pokonzekera n'choti wopita pachilumba sadzisankhira masiku ogonako, amamusankhira ndi sitima. Likoma ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Nkhata Bay, ndipo pamodzi ndi chilumba chinzake cha Chizumulu idazunguliridwa ndi madzi a dziko la Mozambique, lomwe mapiri ake amaoneka bwinobwino munthu akaima ku gombe la kummawa. Ndege zing'onozing'ono zimatera komweko, koma mtengo wake sindidaulembe n'komwe. Njira ya anthu onga ife idali Ilala, sitima yomwe idayamba kuyenda pa nyanja ya Malawi mu 1951. Pa nthawi ya ulendo wathu inkanyamuka ku Nkhata Bay Lolemba usiku polowera kummwera n'kufika ku Likoma Lachiwiri, ndipo pobwerera kumpoto inkadutsanso Loweruka. Choncho tidayenera kugona kanayi pachilumbapo, tifune tisafune. Kuiphonya Loweruka kukadatanthauza ndalama za sabata ina yathunthu, apo ayi kukwera maboti ang'onoang'ono omwe amayi adanenetsa kuti sadzapondamo.

Mnzanga wina wa kuntchito, yemwe adaphunzitsapo ku Likoma zaka ziwiri, adandithandiza kusanja malo ogona m'magulu atatu. Gulu loyamba lidali la maloji omangidwa pakati pa matanthwe m'mphepete mwa nyanja, omwe zithunzi zake pa intaneti zimaonetsa bedi loyang'ana kumadzi ndi matebulo oyalidwa pamchenga dzuwa likamalowa. Mitengo yake idalembedwa m'madola, ndipo nthawi imeneyo dola imodzi inkaposa K700. Nditawerengera ndidapeza kuti anthu awiri kugona kamodzi kokha pa loji yodula kwambiri kukadameza malipiro anga a miyezi ingapo. Gulu lachiwiri lidali la malo ofikira achinyamata akunja oyenda ndi zikwama kumsana, komwe anthu amagona angapo m'chipinda chimodzi kapena m'matenti pamchenga. Mtengo wake udali wofikirika, koma malowa adali kutali ndi msika, komanso sindikadatha kuwauza amayi, mayi wa Mvano wa zaka 58, kuti agone chipinda chimodzi ndi anyamata osawadziwa ovala makabudula. Gulu lachitatu lidali la maresitihausi a pa Mbamba, pomwe pali msika, mashopu ndi pokocheza maboti, momwe mumagona amalonda ndi ogwira ntchito m'boma akabwera kudzayendera chilumbacho.

Ndidaimba foni pa resitihausi ina ndipo mwini wake adanditchulira K7,000 pa chipinda. Popeza mwana wamwamuna sagona chipinda chimodzi ndi mayi ake, ndidafunika zipinda ziwiri. Ndidalemba m'kope K14,000 pa tsiku, K56,000 masiku anayi, n'kudula mzere kunsi kwake mokhutira.

"Nanga gulu lachinayi walitaya?" mnzanga uja adafunsa. "Si unati kuli azakhali ako?"

Ndidamuyankha kuti ulendo uwu ndi wa tchuthi, za chibale zidzaoneka tsiku lina.

Gawo la chakudya ndilo ndidalisamala koposa chifukwa amayi ali ndi matenda a shuga. Amamwa mapiritsi m'mawa ndi madzulo, ndipo akachedwa kudya amayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta lozizira. Ndidalemba tsiku lililonse palokha: m'mawa tiyi wopanda shuga ndi buledi, masana nsima ya chambo, madzulo mpunga kapena nsima ya kampango. Pa mbale iliyonse ndidaikapo K2,500. Maganizo anga adali oti pamalo ozunguliridwa ndi madzi nsomba singasowe, monga momwe fodya sangasowere ku Kasungu. Mnzanga uja adandichenjeza zinthu zitatu. Adati ndinyamule ndalama m'manja, ndinyamulenso tochi chifukwa magetsi a pachilumbapo ankachokera ku majenereta a dizilo omwe ankawazimitsa usiku, ndiponso ndizikanena m'mawa chomwe ndikufuna kudya masana. Ziwiri zoyambazo ndidalemba. Chachitatucho ndidachitenga ngati nthabwala, poganiza kuti munthu wa ndalama m'thumba sachita kupangana ndi nsima.

Amayi nawo ankakonzekera m'njira yawo. Kutatsala sabata kuti tinyamuke adakonoletsa chimanga, n'kuviika mphale, n'kukagayitsa ufa woyera wodzaza thumba la makilogalamu 25. Adaonjezapo nyemba, mtedza wa m'munda mwathu, shuga, mchere, botolo la mafuta ophikira ndi sopo wochapira.

"Amayi, zonsezi n'zachiyani? Kumene tikupitako akatiphikira. Ndikalipira ine."

"Iwe nyamula kope lakolo, ine ndinyamula thumba langa."

"Koma anthu akatiseka. Mudaonapo ndani akupita kokapuma atasenza ufa?"

"Ku Likoma ndidakhalako ine iwe usanabadwe. Kumene kuja chimanga chimachita kukwera sitima ngati munthu. Mlendo wofika chimanjamanja amadya chakudya cha ana a mwini khomo."

"Ife sitikafika pakhomo pa munthu."

Sadandiyankhe. Adangomanga kukamwa kwa thumba lija ndi chingwe n'kuliimika pafupi ndi chitseko.

Mawu awo ndidayamba kuwamvetsa tili m'sitima. Tidakwera minibasi kuchoka ku Kasungu kudzera ku Mzuzu mpaka ku Nkhata Bay, ndipo madzulo a Lolemba tidapeza malo m'chipinda cha pansi cha Ilala. Anthu tidali ambiri, koma katundu adatiposa. Mudali matumba a chimanga ndi a simenti, madengu a tomato ndi kabichi, mbatata ya kachewere, makireti a zakumwa, nkhuku zomangidwa miyendo, ngakhale matiresi. Pakona pena padatsamira mtolo wa malata atsopano, ndipo ine ndidayang'ana kumbali. Likoma ndi chilumba cha masikweya kilomita pafupifupi 18 okha, ndipo kalembera wa 2018 adapeza kuti boma lonselo, kuphatikizapo Chizumulu, lidali ndi anthu oposa 14,000. Nthaka yake ndi yamchenga ndi miyala, yoyanjana ndi chinangwa, mango ndi malambe kusiyana ndi chimanga. Nkhuni ndi zakudya zina zimawoloka kuchokera ku Mozambique pa mabwato a matanga, zotsalazo zimadikira sitima. Tsono mtanda uliwonse wa nsima ya chimanga womwe munthu amadya kumeneko umakhala utalipira kale tikiti.

Usiku wonse sitima idagwedezeka ndi mwera, mphepo yochokera kummwera yomwe imavuta panyanjapo m'miyezi yozizira. Bambo wina wachikulire yemwe tidakhala naye pafupi adatikumbutsa kuti nyanjayi siopa udindo wa munthu, pakuti ngakhale Bishopu Chauncy Maples adamira momwemo mu 1895 boti lake litagubuduzika ndi namondwe ali pa ulendo wopita ku Likoma. Amayi adamupempha mwaulemu kuti nkhaniyo aisungire tikafika kumtunda.

Masiku amenewo sitima inkaima patali ndi gombe, okwera n'kumatsikira m'maboti ang'onoang'ono omwe ankawasiya madzi ali m'maondo. Pagombe padali khwimbi la anthu, ena kudzachingamira abale, ena kudzalandira katundu, ena kudzangoona omwe abwera. Mnyamata wina adatinyamulira thumba la ufa mpaka pa resitihausi, ndipo njira yonse ankandiyang'anitsitsa kumaso. Malowo adali aukhondo: bedi, neti ya udzudzu, ndowa ya madzi osamba. Ndidalipiriratu masiku awiri. Masana tidadya pa kalesitilanti ka pafupi ndi msika. Chambo padalibe, tidadya utaka, koma tidakhuta. Madzulo ndidatsegula kope n'kuchonga tsiku loyamba ngati momwe ndinkachongera ntchito ya mwana wokhoza.

Lachitatu m'mawa tidapita kukaona tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chomwe amishoni a UMCA adayamba kumanga mu 1903 n'kuchipatula mu 1911. Malo omwe chidamangidwapo amatchedwa Chipyela chifukwa kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Bambo adabatizidwa m'tchalitchi chimenechi ndipo ankaimba m'kwaya yake ali mwana. Amayi adakhala pansi nthawi yaitali osalankhula, ine osafuna kuwafulumiza. Titatuluka tidayenda pang'onopang'ono pakati pa milambe kukafika kugombe, ndipo pobwerera pa Mbamba nthawi idali itapitirira 2 koloko masana.

Pa kalesitilanti kaja tidapeza mapoto atatsukidwa kale, atavundikirika pa thandala.

"Mukadanena m'mawa, achimwene," adatero mayi wophika. "Kuno timaphika mowerenga anthu. Ufa ndi wodula, sitingaphike nsima yoti itsale."

Ndidamuuza kuti ndimulipira kawiri akatiphikira mwapadera. Adaseka mopanda mnyozo n'kundifunsa kuti nsimayo tidyera chiyani. Mwera udali utawomba masiku atatu otsatizana, asodzi ambiri osalowa m'madzi. Komanso mwezi udali wathunthu sabata imeneyo. Usipa amaugwira usiku poukopa ndi kuwala kwa nyale, tsono mwezi ukawala kwambiri nyalezo sizikopa kanthu ndipo makoka amabwera opepuka. Zonsezi adandifotokozera ngati akuphunzitsa mwana, ndipo n'zoonadi kuti ndidali mwana pa nkhani imeneyi. Ndidawerengera za dola, za zipinda ndi za masiku a sitima, koma mphepo ndi mwezi sizidalowe m'kope langa.

Pamalo achiwiri padali tiyi ndi mandasi awiri ouma. Pamalo achitatu padali potseka. Nditabwerera ndidapeza amayi atakhala pakhonde la resitihausi, manja akunjenjemera, thukuta lili pamphumi. Ndidathamanga kukagula chakumwa chotsekemera kuti shuga akwereko monga adatilangizira kuchipatala, koma chimenecho chimangogwiriziza kanthawi kochepa. Ufa tidali nawo thumba lathunthu m'chipinda, koma tidalibe poto, mthiko, nkhuni ngakhale moto. Mkazi wa mwini resitihausi, yemwe akadatibwereka zimenezi, adali atapita ku maliro kumpoto kwa chilumba. Ndidaima pabwalopo ndili ndi ndalama zoposa K60,000 m'thumba, osadziwa kolowera.

Ndili chiimire, kamtsikana ka zaka ngati khumi kadalowa pampanda katasenza dengu lovundikira ndi nsalu. Kadafika pomwe adakhala amayi, kadagwada n'kutula.

"Agogo akuti mulandire. Akuti adamva dzulo kuti mwafika."

Pambuyo pake ndidamva kuti mnyamata wonyamula thumba uja ndiye adakanena kuti kwabwera munthu wa nkhope ya malemu uje. Pachilumba pomwe theka la mudzi limapita kukachingamira sitima, palibe mlendo wofika mobisa. Azakhali adadikira tsiku lonse la Lachiwiri kuti tifika pakhomo pawo. Ataona kuti sitikubwera, ndipo podziwa momwe pamsika pamakhalira mwera ukawomba, adaphika n'kutumiza mdzukulu.

M'dengumo mudali mbale ziwiri zovundikira. Ina idali ya kondowole, ina ya chigwada ndi usipa wouma pang'ono pambali. Aliyense wokulira m'mudzi amadziwa tanthauzo la kubweza chakudya chotere. Ndiye kuti wanena poyera, pamaso pa mwana, kuti eni akewo ukuwaopa kapena chibale chidatha. Amadziwanso tanthauzo la kuchilandira. Ndidawanong'oneza amayi kuti tisadye, ndikayesenso kwina.

"Tenga madzi ndisambe m'manja," adatero osandiyang'ana.

Adapemphera, nayamba kudya. Atadya nthongo zingapo manja adaleka kunjenjemera.

"Waphika ndi azakhali ako eni ake. Dzanja lawo ndikulidziwa. Khala pansi udye."

Ndidakhala pansi. Kondowole amamata m'manja, ndipo ali ndi kafungo kowawasa kochokera ku chinangwa chomwe amachiviika m'madzi masiku angapo asanachiyanike ndi kuchisinja. Ndidali nditamudya komaliza pa maliro a bambo. Ndidadya mwamanyazi poyamba, kenaka njala idaposa manyazi.

Titatha, amayi adatsuka mbale zija, nathiramo mtedza mpaka kusefukira.

"Mbale sibwerera yopanda kanthu," adatero. "Senza thumba lija, mwanayu atitsogolere."

Apo m'pamene ndidazindikira kuti thumba lija lidali ndi mwini wake kuyambira tsiku lomwe lidamangidwa ku Kasungu.

Tidayenda pafupifupi theka la ola m'kanjira ka pakati pa minda ya chinangwa. Nyumba ya azakhali ndidaizindikira tili patali chifukwa cha denga lake. Malata adali atachita dzimbiri m'mphepete. Maso anga adayamba kuwerenga okha, ndipo ndidadzigwira nditafika pa 15. Azakhali adatuluka m'khitchini akupukuta manja pa chitenje. Adali atakalamba ndi kuchepa thupi kusiyana ndi momwe ndinkawakumbukira.

"Alamu, mwafika?"

"Tafika, alamu."

Adayala mkeka. Malonje adatenga nthawi, kufunsana za kumudzi, za mvula, za omwe adatisiya m'zaka 11 zomwe sitidaonane. Ine ndidakhala chete, maso akubwererabe kudenga. Azakhali adaona.

"Ukuwerenga, mwana wa achimwene? Ndi omwewo. Agogo ako adagona pansi pake zaka zisanu ndi chimodzi, n'kumwalirira momwemo. Nthawi ija ndidayenera kulankhula, sindidalankhule. Mawu ena ndilibe."

Ndidadikira kuti amayi anene zonse zomwe ndidawamva akudandaula usiku wa mvula, tikusuntha mphasa kuthawa modontha. Iwo adangokankhira thumba lija kutsogolo.

"Tabwera ndi kaufa, alamu."

Azakhali adamasula chingwe, napisa dzanja mu ufamo, nakhala choncho kwa kanthawi. Kenaka adaitana adzukulu kuti adzaone, n'kunena kuti pakhomopo adali asanalawe nsima ya chimanga chiyambire mwezi wa Juni.

Lachinayi m'mawa adatiperekeza kumanda atadziwitsa kaye akuluakulu a mudzi. Apa ndidaona kubooka kwina kwa ndondomeko yanga. Kumanda munthu salowa yekha ngati kumsika, ndipo ngakhale ndikadalowa, sindikadadziwa pomwe adagona bambo pakati pa mitumbira yonse ija. Ndidakonza ulendo wokaona manda popanda kulankhula ndi eni manda. Mtumbira wa bambo tidaupeza wosesedwa, wozunguliridwa ndi miyala yoyalidwa bwino. Ntchito imeneyo ankaigwira ndi azakhali zaka zonsezi.

Pobwerera nkhani ya pogona idadzuka. Masiku awiri omwe ndidalipira adali atatha.

"Mwana wa achimwene anga kumagona m'nyumba yolipira pa Likoma pano, ine ndili moyo, anthu anditi chiyani?" adatero azakhali.

Ine ndidali nditayamba kuwerengera mwa mtundu wina. Pakhomopo padali anthu asanu ndi awiri, ndipo ndidaona kuchepa kwa nkhuni zomwe zidaunjikidwa kuseri kwa khitchini. Tsopano ndinkaopa kuwalemetsa. Amayi ndiwo adagamula. Adati iwo agona ndi alamu awo, ine ndikagone m'gowelo ndi asuweni anga, ndipo K28,000 yomwe ikadapita ku resitihausi igwire ntchito pakhomopo. Tidagula nkhuni, makandulo, machesi ndi makope a adzukulu. Lachisanu mphepo itadekha, ndidalawirira kugombe ndi msuweni wanga kukadikira mabwato, n'kugula akampango awiri akuluakulu kwa asodzi eni ake. Masana amenewo tidadya nsima ya ufa wa ku Kasungu ndi nsomba ya ku Likoma, anthu asanu ndi anayi pansi pa mtengo wa mango. Pa ndalama sindidapulumutse ngakhale tambala.

Madzulo a tsikulo ndidaona amayi ndi azakhali akutsetserekera kunyanja, zitenje atamanga pachifuwa. Amayi, omwe amaopa ngakhale mtsinje wa Bua ukadzaza, adalowa m'madzi mpaka m'chiuno atagwira dzanja la mlamu wawo, akukuwa ndi kuseka ngati atsikana. Chimwalirireni bambo ndidali ndisanawamve akuseka choncho. Kupuma komwe ndidawalonjeza ku Kasungu kudali kumeneku, ngakhale kudadzera njira yomwe ine ndidaitseka dala.

Sindinganame kuti zonse zidatha. Mwa abale awiri aja omwe adatenga katundu, mmodzi adamwalira ndipo wina sadaoneke masiku onse omwe tidali kumeneko. Malata adakali pomwe ali. Usiku womwe ndidagona m'gowelo ndidakhala maso nthawi yaitali, mtima ukukana kuti mbale imodzi ya kondowole ingafafanize zaka zomwe tidagona monyowa. Mwina singafafanizedi. Chomwe ndikudziwa n'choti tsiku lomwe ndalama zanga zidalephera kugula nsima, amayi adadyetsedwa ndi munthu yemwe ndidakonza ulendo wonse kuti ndimupewe.

Zambiri zomwe zili m'kope lija zidatha ntchito. Kwacha idatsitsidwa mphamvu mu 2022 ndi mu 2023, kotero mitengo yomwe ndidalemba ingangomuseketsa munthu lero. Magetsi oyendera dzuwa adafika pachilumbapo mu 2020. Komabe mnzanga akandifunsa za kokagona ndi kokadya ku Likoma, ndimamuuza zomwe sizidasinthe. Afunse kaye masiku a sitima asanawerenge masiku ogona. Ayang'ane mwezi kumwamba ndi nyengo ya mwera asanalote za nsomba. Akafika, akauze wophika m'mawa kuti abwera masana. Malo ogona asankhe molingana ndi thumba lake komanso msinkhu wa omwe wayenda nawo, ndipo ngati angakwanitse loji, apite, pakuti malo amenewo adalemba ntchito ana ambiri a pachilumbapo. Koma ngati ali ndi mbale kumeneko, ngakhale yemwe adasiyana naye moipa, adziwiretu kuti mbiri ya kufika kwake idzamutsogolera, ndipo anyamule kanthu ka m'munda mwake.

Loweruka azakhali adatiperekeza mpaka kugombe. Thumba lathu lija adatibwezera litadzaza ufa wa kondowole, pamwamba atayikapo usipa wouma wokulunga m'pepala. Mnyamata yemwe uja ndiye adalinyamula kukalikweza m'boti, ndipo ulendo uno adakana kulandira ndalama.

Tili m'sitima ndidatsegula kope kuti nditsekere mawerengero. Pa Lachinayi ndi Lachisanu, m'gawo la pogona ndi la chakudya, ndidafafaniza zomwe ndidalemba kale n'kulembapo kuti kwa azakhali. Malo olembapo mtengo ndidawasiya opanda kanthu, poganiza kuti ndidzalemba ndikafika kunyumba. Amayi adasuzumira, naona mipata iwiri ija, n'kundiuza kuti nditseke kope ndigwirizize thumba, chifukwa mafunde adali atayambanso.